Dzina limodzi katatu kumapeto kwa filimu

Anthu akaona dzina la mayi mmodzi likutuluka katatu kumapeto kwa filimu, poyamba ngati wosewera, kenaka wolemba nkhani, kenakanso producer, ena amati ndi dyera, akufuna kutchuka yekha. Ife a zisudzo tikudziwa kuti nkhani yake si imeneyo. Kuno kwathu makampani olemba ntchito osewera n'kumawalipira pa mwezi ndi osowa. Mayi wofuna kukhalitsa m'lusoli amayenera kudzilambulira yekha bwalo loti asewerepo.

Taonani Joyce Mhango Chavula. Anayambira pa siteji, n'kudutsa m'gulu la Wanna-Do la malemu Gertrude Kamkwatira, amene nawonso ankalemba masewero, kuwatsogolera ndi kuseweramo mpaka pomwe anatisiya mu 2006. Mu 2009 Chavula anasiya ntchito yolembedwa n'kuyambitsa gulu lake la Rising Choreos. Filimu yake ya mu 2013, No More Tears, yokamba za mtsikana wolandidwa chuma chamasiye ndi abale a bambo ake, anaijambula ku Lilongwe ndi kuno kunyanja ku Salima. Ina yotchedwa Lilongwe inapata mphoto ya filimu yopambana ya kummwera kwa Africa pa Africa Magic Viewers' Choice Awards mu 2016. Akanakhala pansi kudikira kuitanidwa, mafilimu amenewa bwenzi kulibe.

Woonera No More Tears amangoona mchenga woyera ndi mtsikana akulira. Sadziwa kuti mwera ukayamba kuomba m'miyezi yozizira, maikolofoni imangotola mphepo ndi mafunde, mawu a munthu osamveka. Dzuwa likafika paliwombo madzi amathobwa m'maso ndipo nkhope zimada mu kamera, choncho nthawi yabwino ndi m'mamawa kapena chakumadzulo, pomwenso asodzi ali yakaliyakali pa doko ndi mabwato awo ndi usipa. Wina ayenera kukaonekera kwa amfumu, kumvana ndi eni mabwato, kupezera gulu lonse pogona ndi nsima, ndi kugula mafuta a ulendo wa makilomita oposa 100 kuchokera ku Lilongwe kufika ku Senga Bay. Winayo ndiye producer. Akamaliza zonsezi apukute thukuta, aime kutsogolo kwa kamera, aiwalenso zapasiteji, kumene mawu amayenera kufika pa benchi lomaliza, pakuti kamera imagwira ngakhale kuphethira kwa diso. Ndiponso filimu sijambulidwa motsata nkhani: m'mawa ulira maliro a bambo ako, masana ukuseka nawo.

Otsutsa amati mutu umodzi susenza denga, ndipo sakunama. Wolemba amene akuseweranso m'nkhani yakeyo zimamuvuta kudula gawo lomwe iye akuoneka bwino, ndipo palibe wolimba mtima kuuza womulipira kuti apa mwalakwitsa. Mafilimu athu ena amatalika chifukwa chomwechi. Koma kugawana ntchito kumalira ndalama, ndipo ndalamazo zimathera panjira: filimu ikangotuluka, mawa lake yafika kale m'timashopu tokopera nyimbo, anthu akuikitsa pa memory card ndi ndalama yosakwana mtengo wa mulu wa tomato, mwini wake osaonapo ngakhale tambala. Ndalama yolipira wolemba wapadera aitenga kuti?

Ngati mukufuna mayina atatu osiyana kumapeto kwa filimu, gulani tikiti pakhomo, ndipo filimu ya Chimalawi muzigula kwa eni ake.