Chikombole, mtovu ndi gogodera: n'chifukwa chiyani chipolopolo chinkasochera?

Aliyense pano amachidziwa chikombole choumbira njerwa. Mukapondaponda dothi n'kuliika m'menemo, njerwa zonse zimatuluka zofanana, ndipo womanga savutika. Zipolopolo za mfuti zakale nazo zinkaumbidwa m'chikombole, kungoti chachitsulo, chaching'ono chokwana m'dzanja. Kachipangizo kameneka kakuoneka kachabechabe, koma kamatithandiza kumvetsa mbali ina ya zimene zinachitika kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu m'chaka cha 1896.

Mfuti yodyera kukamwa

Mfuti zimene zinafika kuno m'zaka za m'ma 1800 ndi zija agogo amazitcha gogodera. Dzinalo likudzifotokoza lokha. Mfutiyi sinkatseguka kumbuyo. Mwini wake ankathira wonga kukamwa kwa mpope, n'kulowetsa chipolopolo, kenako n'kugogoda ndi kandodo mpaka zonse zikhazikike pansi. Akawombera kamodzi, ntchito yonseyo inkayambiranso. Ngakhale msilikali wozolowera ankawombera kawiri kapena katatu basi pa mphindi imodzi.

Zambiri mwa mfutizi zinkapangidwa ku Ulaya, m'mizinda ngati Birmingham ku England ndi Liège ku Belgium, ndipo zina zinali zotha ntchito zimene asilikali akumeneko anazitaya. Zinkatsikira m'madoko a kunyanja ya mchere monga Kilwa ndi Quelimane, amalonda achiyao ndi achiswahili n'kuzisenza kubwera nazo kuno. Mtengo wake tisaubise: zinkasinthanitsidwa ndi minyanga ya njovu komanso anthu, amene ankatengedwa ukapolo. Mafumu ngati Jumbe wa ku Nkhotakota ndi Mponda wa kum'mwera kwa nyanja anakula mphamvu ndi malonda amenewa.

Bwanji mtovu?

Chipolopolo chabwino chinkapangidwa ndi mtovu, ndipo zifukwa zake zili m'buku lathu la sayansi. Choyamba, mtovu ndi wolemera. Kiyubiki sentimita imodzi ya mtovu imalemera magalamu 11.3, pamene yachitsulo imalemera magalamu 7.9. Chinthu chaching'ono koma cholemera sichibwezedwa msanga ndi mpweya. Yesani kuponya mwala ndi chitsononkho chofanana nawo kukula, muone chimene chifike patali.

Chachiwiri, mtovu umasungunuka pa madigiri 327, pamene chitsulo chimafuna madigiri 1,538. Ngakhale ng'anjo za makolo athu, zimene zinkatulutsa chitsulo cha makasu ndi nkhwangwa, sizinkachisandutsa madzi oti n'kuthira m'chikombole. Chinkatuluka chibuma, osula n'kumachimenya.

Chachitatu, mtovu ndi wofewa, moti sukanda m'kati mwa mpope.

Chikombole cha zipolopolo chinkaoneka ngati pulayala. Kukamwa kwake kunali timaenje tiwiri, kena uku kena uku, timene tikakumana tinkapanga malo obulungira ngati nsawawa. Chilichonse chinkatulutsa zipolopolo za msinkhu umodzi wokha, ndiye chinkayenera kugwirizana ndi mpope wa mfuti yake.

Kuno mtovu unali wosowa, wochita kubwera ndi amalonda. Ukatha, alenje ndi ankhondo ankapita kwa osula kuti awadulire tizidutswa ta chitsulo n'kutimenya mpaka tibulungire, ndipo ena ankangoika timiyala. Kunali kuchenjera ndithu, poti pakasowa ndiwo nsima sagona nayo. Koma chinthu chosula ndi nyundo sichingafanane ndi chinzake ngati zotuluka m'chikombole chimodzi.

Vuto la mpata

Apa ndiye pagona nkhani. M'kati mwa mpope wa gogodera munali see, mosalala ngati paipi yamadzi. Kuti chipolopolo chilowe mosavuta, chinkayenera kuchepa pang'ono kuyerekeza ndi mpopewo, makamaka poti wonga wakale unkasiya mwaye wambiri. Mukawombera kangapo, mpope unkayamba kuthina.

Mpata wotsalawo unkabweretsa mavuto awiri. Mpweya wina wotentha, umene ukanakankha chipolopolo, unkathawira m'mbali. Komanso chipolopolocho chinkayenda chikugundagunda m'makoma a mpope, n'kutuluka chikuzungulira mwachisawawa. Anyamata a mpira akudziwa zimene zimachitika ukaumenya cham'mbali: umakhota. Kusiyana kwake n'kwakuti wosewera amasankha kokhotetsera, pamene wa gogodera sankadziwa ngati chipite kumanja, kumanzere kapena m'mwamba. Kupitirira mamita 100, kulasa chimene walozetsa kunali kwa mwayi.

Amisiri a ku Ulaya anali atadziwa kale mankhwala ake. Ukajoba timizere tokhotakhota m'kati mwa mpope, chipolopolo chimatuluka chikuzungulira mbali imodzi ngati nguli. Nguli ikamazungulira mwamphamvu imaima chilili osagwa, ndipo chipolopolo chozungulira choncho chimasunga njira yake. Koma kuti chigwire timizereto chinkayenera kuthina, ndipo kuchilowetsa kuchokera kukamwa kunali ntchito yotayitsa nthawi. Msilikali ankayenera kusankha: mfuti yofulumira koma yophonya, kapena yolasa koma yochedwa.

Nzeru ya Minié

Yankho linachokera pa kusintha maonekedwe a chipolopolo, kapena tinene kuti kusintha chikombole. Cha m'ma 1849, msilikali wina wa ku France, Claude-Étienne Minié, anakonza chipolopolo chosongoka kutsogolo, chokhala ndi mphako kumbuyo ngati kapu yozondotsa. Chinali chocheperako pang'ono, moti chinkatsetsereka bwinobwino mumpope. Wonga ukaphulika, mphamvu yake inkatambasula milomo ya mphakoyo, mtovu wofewa uja n'kukanirira m'timizere. Chinkalowa cholobodoka, n'kutuluka chothina. Mpweya sunkathawanso, ndipo chipolopolo chinkazungulira ngati nguli ija.

Dziko la Britain linatenga nzeru yofanana ndi imeneyi pa mfuti yake ya Enfield ya 1853, imene mpope wake unali wa mamilimita pafupifupi 14.7, wokhala ndi mizere itatu. Inkalowetsedwabe zipolopolo kukamwa, koma inkalasa pa mtunda wa mamita mazanamazana. Mfuti za mtundu umenewu zinapha anthu osawerengeka pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America ya 1861 mpaka 1865. Kuyambira 1866, Angelezi anayamba kuzidula kumbuyo n'kuikako kachitseko, kuti wonga ndi chipolopolo zizilowa pamodzi. Mfuti yosinthidwayo anaitcha Snider, ndipo inkatha kuwombera pafupifupi kakhumi pa mphindi.

Mpaka lero, ku Ulaya ndi ku America kuli anthu okonda mbiri amene amagula mfuti zatsopano zopangidwa motengera zakalezi, n'kumapikisana kulasa chandamale movomerezeka ndi malamulo akwawo. Iwonso amalimbana ndi funso lomwelija la mpata. Asanagule chikombole amayamba ayeza mpope, chifukwa kusiyana kochepa ngati tsitsi kumasintha kumene chipolopolo chikagwere.

Tibwerere kwathu

Mu 1890, mayiko a ku Ulaya ndi ena anasaina pangano ku Brussels limene ankati cholinga chake n'kuthetsa malonda a akapolo. Panganolo linaletsa kugulitsa mfuti za mizere ndi zamakono m'dera lalikulu la Africa, kuphatikizapo kuno, koma linalola mfuti zachikale za mpope wosalala ndi wonga wamba. Chaka chotsatira, 1891, Britain inalengeza kuti dziko lino lili m'manja mwake, Harry Johnston n'kukhala woyang'anira. Asilikali ake, ena mwa iwo Asikh ochokera ku India, anali ndi mfuti zotseguka kumbuyo monga Snider ndi Martini-Henry, komanso mizinga.

Mu January 1896 anathira nkhondo mfumu yachiyao Tambala, kuno ku Dedza. Mu October chaka chomwecho anagonjetsa Angoni a Maseko, n'kupha Inkosi Gomani yoyamba. Angoni ankadalira kwambiri nthungo ndi chishango, zida zofuna kuti uyandikire mdani. Ayao anali ndi mfuti, koma zambiri zinali gogodera. Mbali zonsezi zinakumana ndi adani otha kulasa ali patali pamene iwo sakanawafika.

Tisanene kuti chipolopolo chokha ndicho chinagonjetsa mafumuwa. Panalinso kusagwirizana pakati pawo, nkhondo za okhaokha zimene zinawafooketsa, ndi anthu ambiri otopa ndi kugwidwa ukapolo amene sanaone chifukwa chowathandizira. Koma wina akakuuzani kuti makolo anagonja chifukwa cha mantha kapena umbuli, mufunseni kuti: kodi mpope wa mfuti zawo unali wotani, ndipo ndani analamula kuti azigulitsidwa zimenezo zokha?

Chenjezo lisanathe pepala

Anzanga, nkhaniyi ndi yoti timvetse, osati tikayesere kuseri kwa khola. Kukhala ndi mfuti kapena zipolopolo popanda chilolezo ndi mlandu m'Malawi muno, ngakhale itakhala gogodera yosula pamudzi, ndipo mfuti zoterezi zimatha kuphulikira mwini wake m'manja. Mtovu nawo ndi poizoni. Bungwe la World Health Organization limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene umadziwika kuti ndi wosavulaza. Umawononga ubongo, makamaka wa ana, ndipo nzeru zikatayika choncho sizibwerera. Muli mtovu wambiri m'mabatire a galimoto ndi a sola, choncho mukaona batire lakufa musaliswe kapena kuliwotcha, ndipo ang'onoang'ono kunyumba asamaseweretse.

Ngati mukufuna kudziwa zambiri, funsani agogo zimene anamva kwa makolo awo za nthawi ya nkhondozi, kumene anthu ankabisala m'mapiri athuwa ndi mmene ankapulumukira. Mukazilemba bwino, mubweretse ku kalabu kuti tidzazimate pa bolodi pano.