Anyamata a ku America amene anamenyera nkhondo dziko la France mumlengalenga

Pamene nkhondo yoyamba ya dziko lonse inabuka mu 1914, dziko la America linalengeza kuti silikhala mbali iliyonse. Ngakhale zinali choncho, anyamata ena a m'dzikolo anawoloka nyanja mwa kufuna kwawo n'kukadzipereka kuti athandize dziko la France, ndipo ena mwa iwo anaphunzira kuyendetsa ndege zankhondo.

Vuto loyamba linali la malamulo. Nzika ya America yolumbira kuti idzamvera boma lina inkatha kulandidwa unzika. Pofuna kupewa zimenezi, anyamatawa ankayamba alembetsa m'gulu la asilikali ochokera kunja la French Foreign Legion, kumene malumbiro otere sankafunika, kenako n'kutumizidwa ku sukulu zophunzitsa kuyendetsa ndege.

Norman Prince, William Thaw ndi Dr Edmund Gros ndi ena mwa amene anapempha boma la France kuti liwaike anyamatawa m'gulu limodzi. Pempholi linavomerezedwa, ndipo mu April 1916 gululo linayamba ntchito ku Luxeuil motsogozedwa ndi msilikali wa ku France, Captain Georges Thénault. Poyamba linkatchedwa Escadrille Américaine, koma dziko la Germany linadandaula kuti dzinalo likusonyeza kuti America walowerera nkhondo. Kumapeto kwa 1916 dzinalo linasinthidwa kukhala Lafayette Escadrille, pokumbukira Marquis de Lafayette wa ku France amene anathandiza America pa nkhondo yomenyera ufulu wodzilamulira.

Ntchitoyi inali yoika moyo pachiswe. Ndege zawo zoyamba za mtundu wa Nieuport 11 zinali zopangidwa ndi matabwa ndi nsalu, ndipo oyendetsa analibe parachuti yoti n'kudumphira ndege ikagwira moto. Pa 18 May 1916, Kiffin Rockwell anagwetsa ndege ya Germany, kupambana koyamba kwa gululi. Mwezi wotsatira Victor Chapman anaphedwa pafupi ndi Verdun. Rockwell naye anafa mu September, ndipo Prince anamwalira mu October atachita ngozi potera.

Oyendetsa ndege 38 a ku America ndi amene anatumikira m'gululi, ndipo wodziwika kwambiri anali Raoul Lufbery amene anagwetsa ndege za adani zosachepera 16. Anzawo ena ambiri anagawidwa m'magulu ena a asilikali a ndege a France. Mmodzi mwa iwo anali Eugene Bullard, munthu wakuda wa ku Georgia. America atalowa nkhondo pa 6 April 1917, azungu ambiri anasamutsidwira ku gulu la asilikali a dziko lawo, koma Bullard anakanidwa chifukwa cha khungu lake. Boma la America linadzamupatsa udindo wa second lieutenant mu 1994, patatha zaka 33 atamwalira.

Mu February 1918 gulu la Lafayette linasamutsidwira m'manja mwa America n'kukhala 103rd Aero Squadron. Phindu lalikulu la anyamatawa silinali chiwerengero cha ndege zimene anagwetsa. Nkhani zawo m'nyuzipepala zinakopa mitima ya anthu ambiri kwawo kuti amvere chisoni France, ndipo luso lawo linathandiza dziko lawo lomwe linalowa nkhondo lilibe oyendetsa ndege odziwa kumenya nkhondo.

Chipilala chowakumbukira chinatsegulidwa mu 1928 ku Marnes-la-Coquette, kufupi ndi mzinda wa Paris, ndipo ambiri mwa amene anafa pankhondoyo anaikidwa pomwepo.