MOWA WABWINO UYAMBIRA M'NKHOKWE

Ife a ku Cassacatiza tikhala pa malire. Msewu wochokera ku Tete udutsa pakati pathu, nulowa m'dziko la Zambia pa Chanida, kulunjika ku Katete. Pa msewu umenewu padutsa anthu ambiri ndi katundu wambiri, ndipo mowa nawonso udutsa pomwepo. Nchifukwa chake akumwa a kwathu kuno adziwa mitundu yambiri ya mowa. Akakhala pansi pa mtengo tsiku Loweruka, mkangano wao ndi umodzi: kodi mowa wokoma koposa ndi uti?

Tiyeni timve zonena zao. Kenaka tione kumene kukoma kwa mowa kuchokera, ndi zimene lilime silingathe kutiuza.

1. ZONENA AKUMWA

Akuluakulu ambiri akonda mowa wamasese wa chimera cha mawere. Iwo amati umalemera mkamwa, unununkhira, ndiponso ukhalitsa m'mimba ngati chakudya. Ena akonda wa chimera cha mapira chifukwa cha kufiira kwake ndi kakuwawa kake kapatali. Wa chimanga chokhachokha amati ngwopepuka, ngwabwino pa dima, pamene anthu adzabwereranso ku makasu.

Wodziwa mowa sathamangira kumeza. Ayamba wayang'ana m'chipanda. Ngati mowa ukuwira pang'onopang'ono ndi kutulutsa thovu, adziwa kuti uli moyo. Kenaka anunkhiza. Akatero apsontha pang'ono, nausunga pa lilime.

Ukatsekemera ngati thobwa amati, "Amayi, mowa uno sunapse, taudikirani mawa."

Ukasasa mpaka kuyayamitsa mano amati, "Uno wagona, mukadatiitana dzulo."

Koma ukakhala pakati, kutsekemera pang'ono, kusasa pang'ono, ndi kutenthetsa pa chifuwa, nkhalamba igwedeza mutu niiti, "Eya, apa ndiye pali dzanja."

Anyamata atsutsa. Iwo amati, "Agogo, masese atopetsa kutafuna. Wa m'botolo ngwoyera, umaona mbali ina." Agogo nawo ayankha, "Mdzukulu wanga, madzi a pa chitsime nawonso ngoyera." Onse aseka, chipanda nichipitirira.

2. KUKOMA KUCHOKERA KUTI?

Ntchito yofulula ili m'manja mwa amayi, ndipo iyamba ndi chimera. Mayi aviika mawere, mapira kapena chimanga m'madzi. Akavuula, afunditsa ndi masamba kapena chiguduli mpaka mbeu zitamera. Kenaka ayanika pa dzuwa, nasinja kapena kupera.

Nchifukwa ninji mbeu ziyenera kumera? Mbeu ikamamera ipanga mphamvu yosandutsa ufa wake kukhala shuga, kuti kambeu kakang'ono kapeze chakudya. Mphamvu imeneyi siitha chimera chikauma. Tikathira chimera m'phala, phala lolimba lija lisungunuka ndi kuyamba kutsekemera. Limeneli ndilo thobwa limene timwa tonse, ana ndi akulu omwe.

Kuti thobwa lisanduke mowa pafunika antchito ena awiri. Onsewa ndi tamoyo tating'ono tosaoneka ndi maso. Toyamba tisasitsa phala, monga momwe mkaka usasira ukagona. Tachiwiri titchedwa yisiti, ndipo ndi tomwe tija titupitsa buledi. Yisiti adya shuga, natulutsa zinthu ziwiri: mpweya umene tiuona ngati thovu, ndi ukali umene uledzeretsa.

Tsono mayi aphika phala, nalisiya kuti lisase, naliphikanso, naliziziritsa, nathira chimera china, nadikira. Ntchito yonse itenga masiku angapo. Nyengo yotentha mowa upsa msanga, nyengo yozizira uchedwa. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Wothira chimera m'phala la moto kwambiri apha mphamvu yake, ndipo mowa wake sukhala ndi ukali.

Apa tiona kuti zonena akumwa zili ndi maziko. Mowa wotsekemera ndi umene yisiti sanamalize kudya shuga wake. Mowa wosasa kwambiri ndi umene wapitirira nthawi yake. Lilime la nkhalamba liwerenga masiku a mowa monga ife tiwerengera malembo pa bolodi.

3. MOWA WA KU FAKITALE

Mowa wa m'botolo nawonso uyamba ndi chimera, koma chimera chake ncha mbeu yotchedwa balele. Kuwawa kwake kuchokera ku maluwa a chomera china chotchedwa hops. Ausefa kwambiri mpaka masese onse atachoka.

Maina ake ali ndi mbiri. Laurentina unayamba kufululidwa m'chaka cha 1932 mu mzinda wa Lourenço Marques, umene lero ndi Maputo. Mtundu wake wakuda, Laurentina Preta, akumwa amati umveka ngati chimanga chokazinga. Dzina la 2M likumbutsa Mac-Mahon, mtsogoleri wa dziko la France, amene m'chaka cha 1875 anaweruza mlandu wa gombe la Maputo pakati pa Apwitikizi ndi Angerezi, napatsa Apwitikizi. Manica ndi mowa wa ku Beira. Impala unatuluka ku Nampula m'chaka cha 2011, ndipo unafululidwa ndi chinangwa cha alimi a dziko lathu lino. Kutsidya kwa malire kuli Mosi, umene unatenga dzina ku mathithi a Mosi-oa-Tunya. Kulinso Chibuku, amene ndi masese a ku fakitale. Asanatsegule ayamba akhutchumula.

Wina akonda uwu, wina uwo. Pa kukoma palibe woweruza. Koma pali chinthu chimodzi chimene onse okonda mowa ayenera kugwirizana, ndipo tinachiphunzira ndi misozi.

4. ZIMENE ZINACHITIKA KU CHITIMA

Pa mwambo wathu, mwini mowa ndiye ayamba kumwa pamaso pa alendo, kusonyeza kuti mu mtsuko mulibe chiphe. Mwambo umenewu ngwabwino, koma suteteza ku zonse.

Chitima ndi tauni ya m'boma la Cahora Bassa, m'chigawo chathu chomwe chino cha Tete, kutsidya kwa Zambezi. Pa 9 Januwale 2015 anthu a kumeneko anali pa maliro, ndipo anamwa mowa wamasese umene kumeneko autcha pombe. Posakhalitsa anayamba kusanza, kutsegula m'mimba ndi kufooka. Anthu oposa 200 anadwala. Anthu 75 anamwalira. Mayi amene anafulula mowawo anali mmodzi wa omwalirawo.

Mphekesera inafala yakuti munthu wina anathiramo ndulu ya ng'ona. Anthu anayamba kukayikirana ndi kulozana zala. Koma madokotala anatenga mowa wotsala ndi ufa, natumiza kukapimitsa kunja, mpaka ku America. M'mwezi wa Novembala chaka chomwecho yankho linadziwika. Munalibe ndulu ya ng'ona. Munalibe mfiti. Chiphe chinachokera mu ufa wa chimanga umene unanyowa ndi madzi a chigumula nuonongeka. Ufawo sunali woyeneranso nsima, koma anauyesa woyenera mowa.

Mu ufa wonyowawo munaswana tizilombo totchedwa Burkholderia gladioli, ndipo tizilomboto tinapanga chiphe chotchedwa bongkrekic acid. Maina awa ngovuta, ndipo sitifunika kuwaloweza. Tisunge zitatu izi zokha. Chiphe chimenechi sichinunkha. Chiphe chimenechi sichimveka pa lilime. Chiphe chimenechi sichifa ndi moto, ngakhale phala libwate tsiku lonse.

Pakati pa amene anamwa tsiku lija panali odziwa mowa ngati agogo athu a pansi pa mtengo. Akulu ananena zoona kuti tsoka silinunkha.

5. TICHITENJI TSONO?

Ambiri a ife tili ndi chizolowezi ichi: chimanga chabwino tisungira nsima, chofumbwa ndi choola tiika pa mbali nkumati, "Ichi ncha mowa." Tiganiza kuti moto ndi kuwira zitsuka zonse. Maliro a ku Chitima atiuza kuti si choncho. Ngakhale chuku wamba chimene chimera pa chimanga chosauma bwino chili ndi chiphe chake, chimene chiononga chiwindi pang'onopang'ono.

Choncho tiyeni tigwirizane mfundo izi:

Chimanga, mapira ndi mawere ziume bwino zisanalowe m'nkhokwe. Nkhokwe ikhale yokwera ndi yofoleredwa bwino.

Ufa ukanyowa ndi mvula kapena chigumula, ukagwirana zibuma, ukasintha maonekedwe kapena fungo, tiutaye pokwirira. Tisaupatse mnzathu, tisaugulitse motchipa kwa wofulula.

Chimera chiyanikidwe pa mphasa yoyera mpaka chitauma gwa. Chimera cha chuku sichilowa m'phala.

Mitsuko, migolo ndi zipanda zitsukidwe ndi madzi abwino. Mgolo kapena chigubu chimene munali mankhwala a thonje, a fodya kapena mafuta a galimoto sichiyenera kusunga mowa.

Anthu awiri kapena atatu akadwala atamwa mowa umodzi, tileke kumwa nthawi yomweyo. Odwala apite ku chipatala msanga, osadikira mawa. Mowa wotsala usatayidwe. Usungidwe kuti a zaumoyo akaupime. Tisathamangire kutchula munthu ufiti.

Ndipo ngakhale mowa ukhale wabwino chotani, si wa ana, si wa mayi woyembekezera, si wa woyendetsa galimoto kapena njinga yamoto pa msewu wathu uno.

Loweruka likudzali mkangano wa pansi pa mtengo udzayambanso. A mawere adzatama mawere, a botolo adzatama botolo. Zimenezo nzabwino. Koma chipanda chisanayambe kuzungulira, mmodzi wa ife afunse mwaulemu, "Amayi, ufa wa mowa uno mukadaphikira ana anu nsima?" Wofulula wabwino sakwiya ndi funso limeneli. Iye ayankha kuti inde, natenga chipanda, nayamba ndiye kumwa.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi chimera chigwira ntchito yanji m'phala?
2. Nchiyani chisiyanitsa thobwa ndi mowa?
3. Mowa ukatsekemera kwambiri, ndiye kuti chachitika nchiyani?
4. Nchiyani chinapha anthu ku Chitima m'chaka cha 2015?
5. Tchulani zinthu zitatu zoyenera kukumbukira za chiphe cha mu ufa woonongeka.
6. Kodi m'mudzi mwanu chimanga choola muchita nacho chiyani?

LEMBANI M'KOPE MWANU

Ufa wosayenera nsima suyeneranso mowa.