Magetsi Ocokera ku Cidede ndi Mabulosi

Omvera amene ali ndi abale ku Harare adziwa kale mbiri ya mdima wa m'makomboni a mzinda umenewo. Ku Mbare, Highfield, Mufakose, Mabvuku ndi Tafara, kumene kukhala zidzukulu zambiri za amuna amene anacoka ku Nyasaland ndi ku Tete kukafuna nchito mzindawo ukali kutchedwa Salisbury, magetsi m'caka ca 2019 anali kuzima kufikira maola 18 pa tsiku. Anali kubwera usiku anthu atagona, nacokanso kusanace. Amai anadzuka pakati pa usiku kusita zobvala za ana a sukulu, ndipo amisiri a mipando ku Glen View ndi owotcherera zitsulo ku Siyaso anasandutsa usiku kukhala usana.

Gwero la bvutoli linali cirala. Damu la Kariba, limene linatha kumangidwa m'caka ca 1959, linaphwa kwambiri, ndipo makina a malasha a ku Hwange anali okalamba. Mu November 2022 madzi anacepanso kotero kuti bungwe la Zambezi River Authority linauza a ku Zimbabwe kuti aimitse makina ao. Anthu a ku Zambia analawa zomwezo mu 2024, ndipo a ku Malawi sanaiwale m'mene namondwe Ana anaonongera Kapichira mu January 2022. Mtsinje ukakana, munthu ayang'ana kumwamba, pakuti dzuwa m'maiko atatuwa silisowa.

Cifukwa cace madenga ambiri a m'makomboni tsopano asenza magalasi akuda a sola. Magalasi amenewa apangidwa ndi silikoni, amene atengedwa ku mwala woyera wonga mcenga. Loyamba logwira bwino nchito linapangidwa ku Bell Laboratories ku America mu 1954, ndipo linali kusandutsa magawo 6 pa 100 a mphamvu ya dzuwa kukhala magetsi. A masiku ano afika magawo 20 kapena kuposerapo. Koma kuyenga silikoni kufuna ng'anjo zotentha koopsya ndi mafakitale akuru, ndipo ambiri a mafakitalewo ali ku China. Galasi liri lonse lokwera pa denga ku Budiriro lagulidwa ndi ndalama zakunja. Ndico cace anthu ophunzira akhala akufunsa ngati kungatheke kupanga mtundu wina ndi zinthu zopezeka pafupi.

Njira ina inaoneka mu 1991, pamene Brian O'Regan ndi Michael Grätzel analengeza za kagalasi ka mtundu watsopano kofika magawo 7 pa 100. Bambo Grätzel ndi mphunzitsi wa sukulu yaikuru ya ku Lausanne m'dziko la Switzerland. Nzeru yace anaibwereka kwa tsamba. Tsamba la cimanga liri ndi utoto wobiriwira umene ugwira kuwala kwa dzuwa, ndipo ndi mphamvu imeneyo mmera upanga cakudya cace. Iwo anati, tiyeni tigwire kuwala ndi utoto monga licitira tsamba, koma mphamvuyo tiitulutsire mu waya.

Kapangidwe kace nkosabvuta kumva. Pafunika tizidutswa tiwiri ta galasi lokutidwa mwapadera kuti lipitirize magetsi. Pa kamodzi apakapo phala la ufa woyera wotchedwa titanium dioxide, womwe uja uyeretsa utoto wa nyumba ndi mankhwala otsukira mano. Akaliotcha pa moto wa madigiri 450, phalalo liuma nkukhala ndi timabowo tosawerengeka monga m'kati mwa culu ca ciswe, kotero kuti malo omatirirapo utoto acuruka pafupifupi ka 1,000 kuposa m'mene galasilo lionekera ndi maso. Kenaka alinyika mu utoto. Kagalasi kaciwiri akadetsa ndi pensulo kapena ndi mwaye wa kandulo. Aphatikiza tiwirito, nadonthezera pakati madzi a ayodini.

Cimene cicitika dzuwa likawala cifanana ndi amuna oponyerana njerwa pomanga nyumba. M'zinthu zonse muli tinthu tating'ono kwambiri totchedwa maelekitironi, ndipo magetsi ndiwo kuyenda kwa timeneti. Kuwala kukagunda utoto, utotowo uponya elekitironi yace kwa ufa woyera uja. Ufa uipereka kwa galasi, galasi kwa waya, ndipo poyenda m'wayamo iyatsa nyali. Ifika pa galasi lamwaye, pomwe ayodini ailandira naibwezera kwa utoto, umene unatsala manja ali m'mwamba kudikira ina. Malinga dzuwa liwala, njerwa sizileka kuyenda, ndipo palibe cimene cipsya kapena kutha monga athera mafuta m'nyali ya koloboyi.

Utoto wa Bambo Grätzel sunali wa m'munda ai. Unali wopangidwa ndi ruthenium, citsulo cosowa ndi codula, ca banja limodzi ndi platinum. Nkodabwitsa kuti citsulo cimeneci cituruka pang'ono m'migodi ya platinum ya ku South Africa ndi ya ku Great Dyke m'dziko la Zimbabwe lomwelo, ndiponso kuti mcenga wa titanium ukumbidwa ku Moma ku Mozambique, ndipo wina wambiri wapezeka ku Kasiya kufupi ndi Lilongwe. Koma za ku Zimbabwe ndi ku Mozambique zituruka zosayenga, ndipo phindu la kuziyenga lidyedwa kwina.

Kudula kwa ruthenium ndiko kunatembenuzira maso a ofufuza ku maluwa ndi zipatso. Kufiira kwa cidede, cimene anthu a ku Malawi aphika cakumwa cowawasa, ndi kuda kwa mabulosi amene adetsa milomo ya ana m'mwezi wa September ndi October, zicokera ku utoto wotchedwa anthocyanin. Utoto umenewu uli ndi mwai umodzi waukuru: ugwira ufa woyera uja zolimba, monga nthata pa khutu la garu, ndipo popanda kugwira kotere elekitironi singadumphe. Munthu angotsindira zipatso, nasefa madzi ace, nanyikamo galasi. Ufa woyera usanduka wofiirira. Utoto wobiriwira wa masamba wamba sugwira bwino cotero, ngakhale ndiwo unapatsa anthu nzeruyi. Mu 1997 Bambo Grätzel ndi anzace a ku America anayesa madzi a zipatso zakuda zonga mabulosi, ndipo mu 2007 ofufuza a ku Thailand anayesa cidede ceniceni. Kuyambira pamenepo ayesa maluwa a bougainvillea, malalanje ofiira, makungwa a mitengo ndi zina zambiri, m'masukulu akuru a ku Asia, ku Ulaya ndi mu Africa muno.

Koma pano womvera acenjere, pakuti mbiri yokoma ithamanga kusiya coonadi m'mbuyo. Cidede ca ku Thailand sicinafike ngakhale gawo limodzi pa 100, ndipo mautoto a m'munda amene aposa magawo 2 ngosowa. Dzuwa la masana litsira mphamvu ya mawati 1,000 pa malo a mita imodzi m'litali ndi imodzi m'lifupi. Galasi la silikoni la msinkhu umenewo lipereka mawati 200. La cidede, likacita bwino kwambiri, lipereka 10.  Tsono utoto wa duwa usuluka padzuwa monga isulukira nsalu yoyanikidwa masiku ambiri, ndipo madzi a ayodini adontha, auma, nadya zitsulo. Galasi la silikoni ligulitsidwa ndi lonjezo la zaka 25, ndipo mtengo wace unatsika ndi magawo pafupifupi 90 pa 100 pakati pa 2010 ndi 2020. Mai wa ku Mabvuku wofuna kuunikira ana ace owerenga acita bwino kugula silikoni ndi batire.

Magalasi a utoto wopangidwa m'mafakitale apita patsogolo ndithu. Mu 2022 a ku Lausanne anafika magawo 15 pa 100, ndipo nyumba yao ya misonkhano, yotsegulidwa mu 2014, iri ndi mazenera amawangamawanga opanga magetsi. Magalasi otere aposa silikoni m'kuwala kocepa, monga m'cipinda kapena tsiku la mitambo, ndipo ku Sweden ayamba kuwaika pa tizipangizo tating'ono tomvera nyimbo.

Kumene cidede ndi mabulosi zapambana kale ndi m'cipinda ca sukulu. Mu 1998 Greg Smestad ndi Bambo Grätzel analemba njira yoti ana asukulu apange okha kagalasi kotere ndi madzi a zipatso. Kamodzi kapereka pafupifupi theka la volti, ndipo tingapo tolumikizidwa pamodzi tiyendetsa kamakina kowerengera masamu. Mphunzitsi wa ku Highfield kapena ku Ndirande asowa galasi lokutidwa lija, ufa woyera, ayodini ndi kopimira magetsi. Pensulo, kandulo ndi mtengo wa mabulosi ziri kale kuseri kwa kalasi.