"Wanenepatu Iwe": Zimene Ana Amamva Pakudya

Mwana akapita kutchuthi kwa agogo, choyamba kulonjeredwa ndi thupi lake. "Wanenepatu iwe, amako akukusunga bwino!" Kwathu kuno amenewa ndi mawu oyamikira, ndipo sanangobwera. Kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 aliwonse osakwana zaka zisanu anali opinimbira. M'zaka zimene Edzi inavuta kwambiri, munthu akawonda anthu ankanong'onezana. Mayi amene anakula akuona zimenezi sadandaula ndi masaya a mwana wake. Chimene chimamusowetsa tulo ndi nthiti zoonekera.

Ku England nkhawa yawo ndi ina. Kuyambira 2006 ana a m'sukulu za boma amayezedwa msinkhu ndi kulemera kwawo ali ndi zaka 4 kapena 5, kenako 10 kapena 11, ndipo makolo ambiri amalandira kalata yowauza ngati mwana wanenepa mopitirira. Cholinga chake n'chabwino, koma makolo ena amadandaula kuti mwana akaiona kalatayo amayamba kudana ndi thupi lake. Ifenso timayeza ana kusikelo, inde, koma khanda lolendewera pasikelo silidziwa manyazi. Wa zaka 10 amawadziwa bwino.

Njira ya ku Japan ndi imene imandigwira mtima. Mu 2005 anakhazikitsa lamulo la shokuiku, lophunzitsa anthu za chakudya. M'sukulu zambiri za pulayimale ana amadyera m'kalasi pamodzi ndi aphunzitsi, amagawirana okha chakudya atavala zovala zoyera, ndipo amauzidwa kumene mpunga ndi nsombazo zachokera. Nkhani imakhala ya zimene zili m'mbale, osati ya mimba ya wakudyayo. Sikuti kumeneko zonse zili bwino: atsikana ambiri achi Japan amadzimana chakudya pofuna kukhala ochepa thupi.

Kudyera pamodzi ife sitichita kuphunzira kwa munthu. Mwana wokulira pamphasa amadya nkhwani wotendera, bonongwe ndi usipa chifukwa aliyense akudya zomwezo, ndipo palibe amamuwerengera mbamu. Koma pamphasa pomwepo pali malamulo ena ofunika kuwaunikanso. Mwana akatapa ndiwo zambiri timamutcha wankhuli, pamene ndiwozo ndi zimene thupi lake likusowa. Nthuli zabwino zimapita m'mbale ya bambo, iye n'kutsala ndi msuzi. Kusikelo amatiphunzitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya, koma tikafika kunyumba gulu la zokhutitsa ndilo limalamulira. M'tauni ndiye mwana amapita kusukulu ndi ndalama ya kamba ndi fulizesi, masuku ndi mango akuonedwa ngati zakumudzi. Akanenepa, ife tomwe timayamba kumutcha duntu.

Katswiri wa zakudya wa ku America, Ellyn Satter, anagawa ntchito motere: kholo lisankhe chakudya, nthawi ndi malo odyera, mwana asankhe ngati adye komanso kuchuluka kwake. Kwa ife amene tinakula ndi mawu oti "maliza nsimayo usanadzuke," zikumveka ngati kulekerera. M'nyumba imene chakudya n'chochepa, kapena mwana akudwala, mfundoyi siingatsatidwe yonse. Komabe mwana amene amamukakamiza phala akulira amaphunzira kusamvera mimba yake ikamuuza kuti yakhuta.

Tisadzinamize kuti chikhalidwe chathu chidzatchinjiriza ana mpaka kalekale. Ku Fiji anthu ankayamikira thupi lojintcha ngati ife. Wailesi yakanema itafika m'chigawo cha Nadroga mu 1995, wofufuza Anne Becker ndi anzake anapeza kuti pofika 1998 atsikana ena a sukulu anali atayamba kudzisanzitsa kuti awonde. Ana athu lero akuona zithunzi zoterozo pa TikTok, m'foni ya amayi awo. Mtsikana mmodzi yemweyo agogo akumuuza kuti anenepe, foni ikumuuza kuti awonde.

Ndiye makolo ndi azakhali, muuzeni mwana kuti nyemba zimupatsa mphamvu zothamangira mpira, mutengeni kudimba akathyole yekha chisoso, muwonjezereni ndiwo. Za kulemera kwake kakambiraneni ndi alangizi a zaumoyo iye asakumva, ndipo mukakumana naye mufunseni za kusukulu.