Dzanja Limodzi M'nyumba ya Malamulo

Mwezi wathawu, pamsonkhano wa gulu lathu la amayi, padabuka nkhani yobwereketsa ndalama za m'thumba la gulu kwa munthu wina amene sali membala. Munthuyo ndi wodziwika m'dera lathu, ndipo ambiri tidachita naye manyazi. Nditafunsa kuti ovomera akweze manja, manja onse adakwera kupatula limodzi. Mayi amene adakanayo ndi wofatsa, salankhulalankhula pamisonkhano, koma tsiku limenelo adapempha kuti mlembi alembe m'buku kuti iye sadavomere. Anzake adamuyang'ana cham'mbali, ena adang'ung'udza kuti akufuna kudzionetsa. Ndalamazo tidabwereketsa ndithu, pakuti ochuluka ndiwo adapambana. Ine pobwerera kunyumba ndidakumbukira mbiri ya mayi wina wa ku South Africa amene adakhala pamalo otere kwa zaka 13, osati pansi pa mtengo wa mango monga ife, koma m'Nyumba ya Malamulo ya ku Cape Town.

Dzina lawo ndi Mayi Helen Suzman. Adabadwa pa 7 Novembala 1917 ku Germiston, tauni ya migodi pafupi ndi Johannesburg, kumene makolo athu ankakutcha ku Joni. Makolo awo adali Ayuda ochokera ku Lithuania, ndipo mayi wawo adamwalira iwo ali khanda. Mu 1937 adakwatiwa ndi dokotala, a Moses Suzman, nabereka ana awiri aakazi. Ukwatiwo udawadulitsa sukulu, koma pambuyo pake adabwerera kukamaliza, mpaka adakhala mphunzitsi pa yunivesite ya Witwatersrand. Adali mzungu wa pabanja lopeza bwino, wosasowa kanthu, ndipo akadafuna akadatha moyo wawo wonse osadziwa za mavuto a anthu akuda. Chidawatsegula maso ndi ntchito imene adagwira nkhondo yachiwiri itatha, yofufuza za moyo wa amuna amene ankachoka kumudzi kukagwira ntchito kutauni ndi kumigodi, kusiya akazi ndi ana m'mbuyo. Nkhani imeneyi ife sitichita kuuzidwa. Agogo anga aamuna adapita ndi Wenela, ndipo agogo aakazi adalima okha, kufolera okha nyumba, kudikira kalata imene inkabwera mwa apo ndi apo.

Mu 1948 chipani cha National Party chidatenga boma ndi kuyamba kukhazikitsa malamulo a tsankho otchedwa apartheid. Mu 1953 Mayi Suzman adasankhidwa kukhala phungu wa dera la Houghton m'chipani chotsutsa cha United Party. M'Nyumbamo mudali azungu okhaokha, ndipo pafupifupi onse adali amuna. Mawu awo oyamba m'Nyumba ya Malamulo adali okhudza ife amayi apabanja. Masiku amenewo lamulo la dzikolo linkaika chuma chonse cha banja m'manja mwa mwamuna, mkazi n'kumaonedwa ngati mwana wosakhwima, wosatha kusaina pangano popanda chilolezo cha bambo. Phungu wina wamkazi, Mayi Bertha Solomon, adalimbana ndi lamuloli kwa zaka zambiri, ndipo Mayi Suzman adaima pambali pawo.

Chaka chomwecho boma lidabweretsa lamulo lolekanitsa azungu ndi anthu akuda pamipando yopumira, m'mabasi, m'zimbudzi ndi m'malo ena onse a anthu. Chipani chawo chidagwirizana zovomera. Iwo, phungu wa miyezi yochepa chabe, adakana kuponya voti natuluka m'Nyumbamo. Akuluakulu a chipani sadakondwe nazo, koma kuyambira pamenepo adadziwa kuti mayiyu si wongotsatira.

Mu 1959 chipani cha United Party chidagamula zotsutsa kuti boma ligulirenso anthu akuda malo ena. Mayi Suzman ndi aphungu anzawo angapo adatulukamo nayambitsa chipani cha Progressive Party. Chaka chotsatira, pa 21 Malichi 1960, apolisi adapha anthu 69 ku Sharpeville pamene ankatsutsa lamulo la mapasi, zitupa zimene munthu wakuda aliyense ankayenera kuyenda nazo. Boma lidafulumira kubweretsa lamulo loletsa zipani za ANC ndi PAC. A United Party adavomera, a Progressive adakana. Azungu oponya voti sadawakhululukire. Pachisankho cha 1961 anzawo onse adagwa, ndipo Mayi Suzman okha ndiwo adabwerera, atapambana ndi mavoti osakwana 600.

Tsono taganizani, amayi anzanga. Nyumba ya aphungu oposa 150, inu nokha osakhala ndi mnzanu wa chipani chimodzi wokunong'onezani kuti limbani mtima. Woti mugawane naye ntchito palibe, ndiye kuti lamulo lililonse muliwerenge nokha, kaya ndi la ndende, la sukulu, la malo kapena la apolisi. Mukaima kuti mulankhule, amuna akukuwizani, ena akunyoza ukazi wanu, ena akunyoza Chiyuda chanu. Kunyumba lamya ikulira usiku, anthu osadziwika akutukwana. Ameneyu ndiye adali moyo wawo kuchokera 1961 mpaka 1974, ndipo zaka zina mwa zimenezi adali mkazi yekha m'Nyumbamo.

Chaka chimene mbiri yawo imakumbukiridwa kwambiri ndi 1963. Nduna ya zachilungamo, a John Vorster, idabweretsa lamulo lopatsa apolisi mphamvu yotsekera munthu masiku 90 popanda kumutengera kubwalo la milandu, popanda kuonana ndi loya kapena abale ake. Masikuwo akatha, ankatha kumugwiranso pakhomo pa ndende pomwepo n'kuyambanso kuwerenga. Chipani chachikulu chotsutsa chidadandaula pang'ono, koma nthawi yoponya voti itafika chidapita mbali ya boma. Mayi Suzman adatsala okha mbali yokana, mipando yonse yowazungulira ili mbee. Mkazi woyamba kutsekeredwa ndi lamulo limeneli adali Mayi Albertina Sisulu, namwino, mkazi wa a Walter Sisulu, ndipo chimene apolisi ankafuna n'chakuti aulule kumene amuna awo adabisala. Chaka chomwecho chisanathe, a Looksmart Ngudle adafera m'manja mwa apolisi atagwidwa ndi lamulo lomweli.

M'lamulo lomwelo mudali ndime ina yolembedwera munthu mmodzi, a Robert Sobukwe, mtsogoleri wa PAC. Iwo adali atamaliza zaka zitatu zimene bwalo lidawagamula, koma ndimeyi idalola boma kuwasungabe pachilumba cha Robben Island. Chaka ndi chaka Nyumba inkayenera kuvomerezanso ndimeyi, ndipo chaka ndi chaka Mayi Suzman ankaikana, mpaka a Sobukwe adachotsedwa pachilumbacho mu 1969. Mu 1965 kudabwera lamulo la masiku 180, adalikana. Mu 1967 kudabwera lamulo lotchedwa Terrorism Act, lololeza kutsekera munthu popanda malire a masiku, ndipo adalikananso ali okha. Ndi lamulo limeneli apolisi adasungira a Steve Biko, amene adamwalira m'manja mwawo pa 12 Seputembala 1977.

Wina anganene kuti chala chimodzi sichiswa nsabwe, ndipo angakhale akunena zoona. Malamulo onsewa adadutsa. Voti ya Mayi Suzman sidaletse ngakhale limodzi. Ine ndidalingalira nthawi yaitali kuti nanga phindu lake lidali chiyani, ndipo ndidapeza kuti nzeru yawo idagona pa mafunso. Phungu ali ndi ufulu wofunsa nduna funso, ndipo nduna iyenera kuyankha poyera. Pamene boma linkatseka pakamwa manyuzipepala, zolankhulidwa m'Nyumba ya Malamulo zinkaloledwa kusindikizidwa. Choncho iwo ankafunsa mafunso mazanamazana: ndi anthu angati amangidwa chaka chino chifukwa cha pasi, ndi angati asamutsidwa pamalo awo, ndi angati ali m'ndende osazengedwa mlandu, ndi angati afera m'menemo. Mayankho ake ankalembedwa m'buku la Nyumba, atolankhani n'kuwatenga, dziko lonse lapansi n'kuwawerenga. Nduna ina itawadzudzula kuti mafunso awo akuchititsa dziko manyazi, iwo adayankha kuti chochititsa manyazi si mafunso awo ayi, koma mayankho a ndunayo.

Sadakhutire ndi kufunsa kokha. Lamulo lawo lidali lakuti pita ukadzionere wekha. Ankayenda m'ndende, m'malo amene anthu adatayidwa atasamutsidwa, ndi kunyumba za anthu oletsedwa kuyenda. Mu 1967 adakwera bwato kupita ku Robben Island. Oyang'anira ndende, podziwa kuti nthawi ya mlendoyo ndi yochepa, adasamutsira a Nelson Mandela kuchipinda chakumapeto kuti afike kumeneko nthawi itatha. Akaidi adazindikira chiwembucho. Aliyense amene Mayi Suzman adaima pakhomo pake sadataye nthawi ndi madandaulo ake, adangowauza kuti apitirire kwa a Mandela, amene adzalankhulira onse. A Mandela adawafotokozera za chakudya, zovala ndi maphunziro, ndiponso za msilikali wina wankhanza amene adali ndi chizindikiro cha chipani cha Hitler padzanja pake. Pasanapite nthawi yaitali msilikaliyo adachotsedwa pachilumbacho. N'zochepa zimenezi poyerekeza ndi zaka 27 zimene a Mandela adakhala m'ndende, koma amene adagonapo pansi pozizira adziwa mtengo wa bulangeti limodzi.

Ndisakubisireni mbali ina ya mbiriyi, pakuti kutama munthu mopitirira n'kumunamizira. Chipani chawo kwa zaka zambiri sichinkanena kuti munthu aliyense wamkulu aponye voti. Chinkati voti ipatsidwe kwa amene adaphunzira kufika pamlingo wakuti, kapena amene ali ndi chuma chakuti, ndipo chidasiya maganizo amenewa mu 1978. Mwa muyeso umenewo, amayi ambiri a m'gulu lathu, ine ndemwe, mwina tikadatsala kunja. Apa ndiye sindigwirizana nawo ngakhale pang'ono. Mayi wosadziwa kulemba dzina lake amadziwa bwino lomwe mtengo wa feteleza ndi kutalika kwa njira ya kuchipatala, ndipo n'zokwanira kuti asankhe womuyimira. M'zaka za m'ma 1980 Mayi Suzman adatsutsanso zoti maiko akunja aleke kuchita malonda ndi South Africa, ponena kuti oyamba kutaya ntchito adzakhala anthu akuda. Atsogoleri ambiri a anthu akuda, monga Bishopu Desmond Tutu, adaona mosiyana, ndipo achinyamata ena ankati kungokhala m'Nyumba ya azungu okhaokha n'kuivomereza. Amene adanyamula mtolo wolemera wa nkhondoyi ndi anthu akuda eni ake, monga amayi pafupifupi 20,000 amene adayenda kupita ku Pretoria pa 9 Ogasiti 1956 kukakana mapasi. Mayi Suzman madzulo ankabwerera kunyumba yabwino ku Johannesburg, pamene anzawo aja ankagona m'ndende. Iwo eni sadakane zimenezi.

Komabe amuna amene ankalamula dzikolo sadawaone ngati munthu wopanda pake. Pamene nduna yaikulu Hendrik Verwoerd adabayidwa m'Nyumba ya Malamulo momwemo pa 6 Seputembala 1966, a P. W. Botha, amene pambuyo pake adadzalamula dzikolo, adawaloza chala ndi kuwakalipira kuti iwo ndi anzawo ndiwo achititsa. Mayi Suzman adaumirira kuti apepesedwe, ndipo kwa zaka zambiri awiriwa sadalankhulane.

Pachisankho cha 1974 kusungulumwa kudatha, popeza aphungu ena a chipani chawo adalowa m'Nyumbamo. Zina zimene adazimenyera adaziona ndi maso zikusintha akadali phungu. Lamulo loletsa ukwati wa anthu osiyana khungu lidathetsedwa mu 1985, la mapasi mu 1986. Nkhani ija adayamba nayo mu 1953 idayendanso: mu 1984 mphamvu ya mwamuna pa chuma cha banja idachepetsedwa m'maukwati atsopano, koma amayi akuda adasiyidwa kunja mpaka 1988. Ngakhale m'chaka chawo chomaliza sadafewe. Adapempha Nyumba kuti idzudzule woweruza wina amene adapereka chilango chopepuka kwa mlimi wachizungu yemwe adamenya wantchito wakuda mpaka kumupha. Pempholo lidagwa, monga adagwera ambiri m'mbuyomo.

Adapuma mu 1989 atakhala phungu zaka 36. Mu 1994 adali mmodzi wa oyendetsa chisankho choyamba chimene anthu a mitundu yonse adaponya voti, wophunzira ndi wosaphunzira pamzere umodzi, ndipo mu 1997 Pulezidenti Mandela adawapatsa mendulo yaulemu. Boma latsopanolo nalonso sadalileke. Adadzudzula poyera m'mene linkachitira pankhani ya matenda a Edzi m'nthawi ya a Thabo Mbeki, ndi kufatsa kwake pa zimene zinkachitika ku Zimbabwe. Adamwalira kunyumba kwawo ku Johannesburg pa 1 Januwale 2009 ali ndi zaka 91.

Za ngongole ya gulu lathu ija, tsiku lobweza ndi kumapeto kwa mwezi uno, ndipo sindifuna kuweruza munthu nthawi yake isanakwane. Mwina abweza zonse, ife ovomera n'kupuma. Mlembi wathu adalemba ndithu zimene adapemphedwa, ndipo m'buku la gulu, pansi pa tsiku la msonkhano uja, pali mzere wonena kuti mayi mmodzi sadavomere. Lachitatu likudzali tikawerenga zolembedwazo, mzere umenewo tidzauwerenganso mokweza monga mizere ina yonse.