Mmene Shaki Yamphongo Ipezera Ana

Mwana aliyense wa kunyanja adziwa kuti chambo chachikazi chiikira mazira pa chisa chimene champhongo chakonza pamchenga, ndi kuwafungatira m'kamwa. Tsono mphunzitsi akanena kuti m'nyanja zamchere muli nsomba zobala ana amoyo monga ichitira mbuzi, ana adzafunsa kuti, "Nanga yamphongo ichita chiyani?" Mphunzitsi wozemba funso lotere sakhalira kukhulupiriridwa ndi ana ake.

Titenge chitsanzo cha shaki, pakuti mitundu yake yambiri ibala motero. Mazira ake akhwimira m'mimba, chotero mbewu ya mphongo iyenera kulowa m'thupi mwa yaikazi. Pa zipsepse ziwiri za kumimba kwa yamphongo pali ziwalo ziwiri zonga ndodo, chilichonse ndi kangalande kake. Pokwerana ilowetsa chimodzi, ndipo mbewu iyenda m'kangalandemo mokankhidwa ndi madzi ochokera m'kathumba ka pansi pa khungu.

Koma nsomba ilibe manja. Nchifukwa chake yamphongo igwira yaikazi ndi mano, kawirikawiri pa chipsepse cha pachifuwa, ndipo zazikazi zambiri zioneka ndi zipsera. Pa mtundu wa blue shark, khungu la yaikazi lichindikala koposa kawiri la yamphongo.

Kukwera kokha sikupatsa mphongo ana, chifukwa yaikazi ilola amphongo angapo, ndipo ana a mimba imodzi akhoza kukhala a atate osiyana. Pa mtundu umene ku South Africa autcha ragged-tooth, mpikisanowo upitirira m'mimba momwe. Yaikazi ili ndi ziberekero ziwiri, ndipo m'chiberekero chilichonse mwana woyamba kukula adya abale ake. Obadwa ndi awiri okha, aliyense wotalika pafupifupi mita imodzi. M'chaka cha 2013 Demian Chapman ndi anzake anaonetsa kuti, ngakhale poyamba m'mimba mukhala ana a amphongo angapo, awiri otsalawo kawirikawiri ndi a tate mmodzi. Amphongo enawo anavutikira chabe.

Pophunzitsa zimenezi, jambulani pabolodi shaki ziwiri monga zionekera chakumimba, ndipo ana aloze okha yamphongo. Lankhulani mwaulemu ndi mosabisa, monga muchitira pofotokoza za ziweto za kwathu.